Timfuti ta m'thumba: kotchipa kamafuna dzanja lozolowera

Kamfuti kanga ndi Ruger LCP, ndipo ndikukapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndakayerekeza ndi Glock 42 ya alamu anga komanso Beretta Tomcat ya mnzawo wina wa ku Monkey Bay. Tonse atatu tili ndi ziphaso za kupolisi, monga likufunira lamulo la mfuti la 1967.

Pa mtengo, LCP ndiyo yotsika mwa zitatuzi. Idatuluka mu 2008, imalowa zipolopolo 6 za saizi ya .380 m'magazini (kosungira zipolopolo), ndipo ikakhala yopanda kanthu imalemera pafupifupi magalamu 270. M'thumba la buluku simuimva n'komwe. Kuno kwathu zimenezi n'zofunika, chifukwa mu Okutobala ndani angavale jekete pa Mangochi Boma kuti abise chimfuti cha m'chiuno? Ine ndimayenda ndi ndalama za nsomba m'bandakucha kupita ku Makawa, ndiye kupepukako ndi kumene kudandikopa.

Koma kupepuka komweko kuli ndi mtengo wake. Mfuti ikachepa, kukankha kwake powombera kumamveka kwambiri m'dzanja. Chogwirira n'chachifupi, chala chakanise chimangolendewera m'malere, ndipo mukatha magazini awiri pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala pamakhala patafiira. Poloza napo m'povuta, timaso take tolozera n'tating'ono kwambiri. Glock 42 imadya zipolopolo zomwezo za .380, nayonso 6, koma imalemera pafupifupi magalamu 390 ndipo imakhazikika bwino m'manja. Pamalo oyeserera, alamu anga ankalasa pepala mosavuta ine ndikumwaza uku ndi uku. Ndalama yowonjezerayo mukugula bata la dzanja, osati dzina lokha ayi.

Tomcat ndi ya zipolopolo za .32, yonenepa, yolemerako. Ubwino wake ndi woti mpope umatsegukira m'mwamba, chipolopolo choyamba mumangoponyamo osakoka slide, chitsulo chapamwamba chimene umakokera m'mbuyo kuti chipolopolo chilowe mu mpope. Kwa achikulire amene manja adayamba kufooka, imeneyi ndiye yawo.

Chimene wogulitsa sadandiuze ndi cha thukuta. Kachikwama kansalu kamene adandigulitsa limodzi ndi mfuti kankamwa thukuta ngati chinkhupule, ndipo kuphatikiza chinyontho cha kunyanja, tidontho ta dzimbiri tidayamba kuoneka pa chitsulo. Ndidasintha n'kugula kolimba kophimba trigger (pokoka ndi chala powombera) yonse, ndipo ndimapukuta ndi mafuta Loweruka lililonse. Usiku imagona m'sefa, kutali ndi ana.

Musanalipire, funsani kaye za zipolopolo. Za .380, zimene ena amati 9mm short, sizilowana ndi 9mm wamba, ndipo ine ndimachita kuzilondola ku Blantyre, mtengo wake wowawa. Kamfuti kovuta kuloza kamafuna kuyeserera pafupipafupi, ndiye zimene mudapulumutsa pogula zimathera komweko. Amene mukugula koyamba ndipo thumba likulola, tengani Glock 42. LCP isiyireni munthu amene dzanja lake lidazolowera kale.