Vinyo wofiira wa kwa eni vinyo woyera: uti angapirire dzuwa la Tete?

Mu Okutobala ndi Novembala, mzinda wa Tete ukamatentha kupyola madigiri 40, vinyo wofiira wa ku Alentejo, ku Portugal, amasanduka chilango. Ukali wake umafika 14 peresenti, ndipo botolo likangofunda patebulo, pakhosi pamangomveka moto. Mpake kuyang'ana kumadera amene anatchuka ndi vinyo woyera. Kumeneko kumazizira, mphesa zimapsa pang'onopang'ono, shuga sachuluka. Wofiira wakumeneko amatuluka wopepuka, wowawasa, wolola kulowa m'firiji.

Woyamba ndi Vinho Verde wofiira wa ku Minho, kumpoto chakumadzulo kwa Portugal, dera lomwe malire ake anaikidwa mu 1908. Ambiri timadziwa woyera wake, wa mphesa za Loureiro ndi Alvarinho. Wofiirayu amachokera makamaka ku mphesa ya Vinhão, ndipo ndi wakuda bii, moti eni ake amamwera m'timbale toyera tadothi, mtundu wake n'kutsalira m'mbali mwa kambaleko. Mano ndi lilime nazonso zimada, ndiye musamwe mukupita kukajambulitsa. Kuwawasa kwake n'kwa masau osapsa bwino. Kumwa payekha, munthu umachita tsinya, sindikunamizeni. Koma muikeni pambali pa nyama ya mbuzi ya kuno yootcha pamakala, ija mafuta ake amaundana pamilomo ikayamba kuzizira. Mukangomwako, mafuta aja amachoka m'kamwa, dzanja n'kubwereranso m'mbale. Kwawoko amamwera nyama ya nkhumba ndi nsomba zonona pa chifukwa chomwechi. Safuna kusungidwa: onani chaka pabotolo, mutenge wa posachedwa, mumwe ali wozizira.

Enawa ndi a mphesa imodzi, Pinot Noir, ya khungu lopyapyala. Vinyo wake ndi wofiirira chabe, mutha kuona zala zanu kuseri kwa tambula.

Sancerre, m'mbali mwa mtsinje wa Loire ku France, ndi kwawo kwa Sauvignon Blanc, mphesa ya vinyo woyera. Komatu kale minda yambiri kumeneko inali ya mphesa zofiira, mpaka kachilombo ka phylloxera kadawononga mizu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, alimi n'kubzala zoyera. Lamulo loteteza dzina la Sancerre linayamba ndi woyera mu 1936, wofiira analowamo mu 1959. Ndi wofatsa, fungo lake losakuwa. Vuto ndi lakuti mumalipira dzinalo, ndipo piripiri akangolowa m'ndiwo, kukoma konse kumathawa. Ine ndalama imeneyo sindingaitayire pa nkhuku ya tsabola.

Ku Germany aliyense amaganiza za vinyo woyera wa Riesling, chonsecho dzikoli ndi lachitatu pa kulima Pinot Noir, kutsatira France ndi America. Pabotolo amalemba kuti Spätburgunder. Wa ku Baden, kumwera kofundirako, amakhala ndi thupi kuposa wa ku Sancerre, ndipo amapirira nyama yootcha bwinopo. Wa ku chigwa cha Ahr, chija chinasefukira mu Julayi 2021, ndi wochepa ngakhale kwawo komweko. Onsewa kuno kuwapeza n'kovuta, pokhapokha wina akutengereni paulendo.

Amene tingamufikire ndi wa ku Elgin ku South Africa, chigwa chokwera cha maapulo kum'mawa kwa Cape Town, chodziwika ndi vinyo woyera wa Sauvignon Blanc ndi Chardonnay. Pinot Noir wakumeneko zipatso zimamveka kwambiri, sawawasa ngati wa ku Minho, ndipo mlendo wosazolowera vinyo samukana. Ndi pende wowamba wa ku Cahora Bassa amayenda bwino, mukamuziziritsa pang'ono chabe, osati mpaka kuchita chisanu. Wa ku Constantia ku Cape Town, munda umene mtsogoleri wa Adatchi kumeneko, Simon van der Stel, anayambitsa mu 1685, ndamusiya dala: wofiira wake nthawi zambiri ndi wa Cabernet Sauvignon, Merlot kapena Shiraz, wolemerapo, woyenera usiku wa Juni ku Ulongué, anthu atavala majuzi, osati m'mbali mwa Zambezi.

Pa mbuzi, ine ndili ndi Vinhão. Pa tebulo la anthu osiyanasiyana, Elgin. Koma Pinot Noir ali ndi chofooka chimene anzathu a ku Europe sachiganizira kwenikweni: sachedwa kuonongeka ndi kutentha. Botolo loyenda pa lole kuchokera ku Beira kapena kudzera pa Cuchamano, kenako n'kukhala pa shelefu m'sitolo yofolera malata, limatha kupsa lisanatsegulidwe. Musanalipire, yang'anani chotsekera. Chikakhala chotukuka, kapena pakhosi pa botolo pali zomata zouma, libwezeni pa shelefu, mufunse ngati ali ndi ena m'chipinda chozizira.