Ndemanga ya shopu ya zithunzi ndi zidole: felemu amaidziwa, koma pa mabokosi otseka gwirani chikwama

Ndikanakhala wopereka malikisi, gawo la mafelemu ndikanalipatsa 9 pa 10, la zithunzi 7, la zidole 5. Shopu yake ndi imodzi, ili chakumpoto kwa Johannesburg kuno, koma ntchito zitatuzi sizikuyenda mofanana ngakhale pang'ono. Dzina sinditchula poti pali zina zoti ndidandaule, ndipo ana ogwira ntchito mmenemo si amene amaika mitengo. Ndalemba chifukwa amayi a m'gulu lathu la chipereganyu akhala akundifunsa za chithunzi chili pabalaza panga, ena akufunsa za kachidole ka mano kamene mwana wanga amakoleka pachikwama cha kusukulu.

Chithunzi chomwe ndinagula ndi linocut, chakuda ndi choyera basi, cha amayi atatu ali pamzere wodikira taxi atasenza zikwama za mizeremizere zija. Wojambulayo ndi mtsikana amene anaphunzira ku Artist Proof Studio, sukulu yosindikiza zithunzi imene Kim Berman ndi Nhlanhla Xaba anayambitsa mu 1991. Malo awo a ku Newtown anapsa mu 2003, a Xaba n'kufera momwemo, koma sukuluyo inadzukanso ndipo mpaka lero ikutulutsa achinyamata aluso. Linocut amaipanga chonchi: munthu amasema pachipande cha lino (linoleum, chofewa chonga choyala pansi m'nyumba), kuchotsa paliponse pomwe akufuna patuluke poyera, kenako amapaka inki pa zotsalazo, n'kugoneka pepala pamwamba, n'kuzidutsitsa m'makina opanikiza. Pepala lililonse limadutsa palokha, inki kupakidwanso. Ndiye mukayang'ana chammbali mumaona inkiyo itakhala pamwamba pa pepala, yokhuthala pang'ono, ndipo penapake pamatsala timizere tomwe mpeni sunamalize kukokolola. Pa chitenje cha mayi wapakati pali timizere totere tambiri, ndipo ndi timene tinandigulitsa chithunzicho.

M'munsi mwake muli zolemba za pensulo. Kumanzere 14/30, pakati dzina la chithunzi, kumanja siginecha ndi chaka. Ndiye kuti anasindikiza 30 zokha, changa ndi cha nambala 14. Mtsikana wa pakauntala anandifotokozera bwinobwino, mosanyada, kuti nambala yaing'ono sitanthauza kuti chithunzicho ndi chapamwamba kuposa zinzake, komanso kuti zolembedwa A/P ndi zochepa zimene wojambula amasindikiza kunja kwa chiwerengerocho kuti zikhale zake. Anandionetsanso kachidindo kopanda inki pakona, kamene kamangotukumula pepala, kosonyeza kumene chithunzicho chinasindikizidwa. Chikalata chinabwera pamodzi ndi lisiti, cholembedwa mtundu wa pepala, la Fabriano, ndi kukula kwake. Mtengo unali R2 400, ndipo analola kuti ndilipire pang'onopang'ono chithunzicho chili m'manja mwawo. Apa ndilibe mawu.

Chomwe chinandichotsetsa malikisi ndi kasakanizidwe ka katundu. M'bokosi limodzi lomwelo la zithunzi zopanda felemu mulinso ma giclée, ndipo zonse zamatidwa sitika yofanana yonena kuti n'zowerengeka. Giclée si chinthu choipa, ndi chithunzi chotulutsidwa ndi printer ya inkjet yapamwamba pa pepala labwino, ndipo ojambula ambiri amachita zimenezi kuti anthu osakwanitsa kugula chojambula chenichenicho akhale ndi kope lake. Koma ndi kope. Fayilo yake ili m'kompyuta, mawa akhoza kutulutsa zina mu saizi ina n'kuyambiranso kuwerenga pa 1. Munthu amene wangobwera kumene sangasiyanitse, ndipo mitengo yake yayandikana kwambiri ndi ya zosindikiza pamanja. Mukafunsa amakuuzani zoona, koma mpaka mufunse. Njira yodziwira nokha ilipo: giclée ndi yosalala paliponse, mukaikulitsa ndi kamera ya foni mumaona timadontho ting'onoting'ono, pomwe etching, chithunzi chosindikizidwa pamanja kuchokera pa chipande cha mkuwa, imasiya mzere wolowa m'kati kuzungulira chithunzi chonse, pamene mkuwa unapanikiza pepala lonyowa.

Musanagule muyendeko kaye, Joni ndi mudzi wa zosindikiza. Kuyambira kale ku Polly Street Art Centre, komwe Cecil Skotnes ankaphunzitsa m'zaka za m'ma 1950, luso limeneli lakhala njira ya ojambula akuda yofikira anthu popanda mtengo woopsa. David Krut ali ndi malo osindikizira ku Arts on Main ku Maboneng, komwe amagwira ntchito ndi ojambula otchuka ngati William Kentridge. Turbine Art Fair, chionetsero chogulitsirapo zojambula chomwe chinayamba mu 2013, cholinga chake ndi ogula ongoyamba kumene. Kuona n'kwaulere m'magalale a ku Rosebank ndi Parkwood, ndipo diso limaphunzira msanga.

Tsono mafelemu. Kuseri kwa shopuyi kuli kachipinda konunkhira utuchi, ndipo amene amadula matabwa ndi magalasi mmenemo ndi bambo wina wa kwathu, wa ku Mangochi. Tinazindikirana pamene ndinkayankha foni. Anavula magolovesi n'kundipatsa moni wa manja awiri, kenako anatenga chithunzi changa mosamala, atachigwira m'makona awiri oyang'anizana kuti chisapindike.

"Achemwali, khoma lomwe mukufuna kupachikapo limaona dzuwa la masana?" anafunsa.

Ndinati eya, zenera lathu layang'ana kumpoto.

"Basi, galasi wamba lisiyeni. Kuno tili pamwamba, dzuwa lake silisewera. Inki yakudayi ipirira, koma pepala lichita chikasu."

Ananena zoona, mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1 750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo kuno kum'mwera zenera loyang'ana kumpoto ndi lomwe limamwa dzuwa tsiku lonse, makamaka nthawi yozizira pamene dzuwa limayenda chotsika. Anandionetsa magalasi atatu. La wamba, lina lotchinga cheza cha UV mpaka 99%, ndi lina lodula kwambiri losabweza kuwala, moti mukaliika pachithunzi mumakayika ngati pali galasi. Lachitatulo sanandikakamize. Anati pabalaza la flat yochita lendi lachiwiri lija likwana, ndalama yotsalayo ndigulire ana nsapato.

Kenako anatulutsa chithunzi cha kasitomala wina chomwe chinabwera kudzakonzedwa, kuti ndione zomwe amakana kuchita. Amene anachiika mu felemu kalelo anamata mbali zonse zinayi ndi selotepi ya bulauni. Guluu anali atalowerera m'pepala n'kusiya mabala ngati a mafuta, ndipo mzere wachikasu unazungulira chithunzi chonse pamene katoni yotchipa inkakhudza. Anati katoni wamba imakhala ndi asidi amene amawotcha pepala pang'onopang'ono, ndipo pepala likamatidwa ponseponse limasowa potambasukira kukachita chinyezi, ndiye limachita makwinya. Iwo amangokoleka pamwamba pokha, malo awiri, ndi tizidutswa ta pepala lopyapyala la ku Japan ndi phala la sitalichi, zomwe zimamatuka bwinobwino ndi kachinyezi pang'ono mukafuna kusintha felemu. Changa anachiika choyandama kuti m'mphepete mwa pepala mong'ambika muoneke, n'kuika timatabwa tobisika m'mbali kuti galasi lisakhudze inki. Kumbuyo anatseka ndi pepala kuti fumbi la mu August lisalowe. Makona a felemu akumana mwaukhondo, ngakhale chikhadabo sichingalowe. Zonse pamodzi R1 850. Ndinapuma kaye nditamva mtengowo poti ukulondola wa chithunzi chomwe, koma ntchitoyo ndaiona ndi maso.

Malikisi amodzi ndachotsa chifukwa cha nthawi. Pakauntala anandilonjeza milungu iwiri, koma mwezi unatha. Palibe anaimba foni, ndimachita kufunsa ndine, ndipo yankho linali lakuti galasi silinafike. Bambo wa ku Mangochi uja anapepesa ngati wolakwa ndi iye. Ngati chithunzi chanu ndi mphatso ya ukwati, pitani nacho msanga.

Zidole ndiye nkhani ina. Si za ana kwenikweni izi, ndi zopangidwa ndi ojambula kuti akuluakulu azisonkhanitsa. M'kabati ya galasi yokhoma muli ma Be@rbrick a kampani ya Medicom Toy ya ku Japan, amene anayamba kutuluka mu 2001. Thupi lake n'lofanana onse, kachimbalangondo ka mimba yotukumuka, chosiyana ndi penti. Saizi amaitchula mwa peresenti: 100% ndi masentimita 7, 400% ndi 28, 1000% ndi 70. Munalinso Companion mmodzi, chidole cha maso a X cha wojambula wa ku America wotchedwa KAWS, chimene choyamba chake chinatuluka mu 1999. Zimenezi ndinangoziyang'ana. Palibe mtengo womatidwa pa chilichonse, ufunse kaye, ndipo mnyamata amapita kukafunsa pafoni. Chizolowezi chimenechi sindigwirizana nacho, chimachititsa munthu kuganiza kuti mtengo ukuyendera nsapato zomwe wavala.

Chomwe chimatiyendetsa kumeneko ndi Labubu, chifukwa cha mwana wanga wamkazi wa ku sekondale. Kachilombo ka makutu aatali kameneka anakajambula ndi Kasing Lung mu 2015, ndipo kuyambira 2019 kamapangidwa ndi Pop Mart, kampani ya ku China yomwe Wang Ning anayambitsa mu 2010. Amagulitsa m'mabokosi otseka, sudziwa kamene kali m'katimo mpaka utalipira n'kutsegula. Gulu la tokoleka pachikwama limakhala ndi mitundu 6, kuphatikiza kobisika kamodzi kopezeka m'bokosi limodzi mwa 72. Kunena mosapsatira, ndi juga yovala ubweya. Ndinaona mtsikana wina akugwedeza mabokosi pakhutu limodzilimodzi, kenako n'kugula atatu, n'kupeza awiri ofanana, n'kubwereranso pakauntala. Ndipo mnyamata wogulitsa amakonda kusimba za Labubu wamkulu ngati mwana amene anagulidwa pa okushoni ku Beijing mu June 2025 pa mtengo woposa ma yuan (ndalama ya ku China) 1 miliyoni. Nkhaniyo ndi yoona, koma ilibe chochita ndi kachidole kotuluka m'fakitale mazanamazana komwe iye akukugulitsani pa mtengo wokwera kale. Akamati pakutha pa chaka kadzakwera mtengo, ingomwetulirani.

Pa chilungamo cha katundu ndiwayamikire. Mafeki, omwe anthu akuwatcha Lafufu, adzaza m'tauni, ndipo mnzake wa mwana wanga anagula kena m'misika kamene mutu wake unaguluka sabata lomwelo. Kuno anatilola kusikana QR ya pabokosi tisanachoke, inatifikitsa patsamba la Pop Mart n'kutsimikiza. Mwana anawerenga mano, anakwana 9 monga mmene ayenera kukhalira.

Vuto linabwera pa kachidole kena ka pulasitiki ya vinyl kamene tinagulira msuweni wake. Titatsegula kunyumba, penti ya diso limodzi inali itayenderera mpaka patsaya. Nditabwerera nako anandilozera chikwangwani chonena kuti bokosi lotsegula sabweza. Kuti wapeza mtundu womwe sumaufuna, chimenecho n'chomveka, ndi mmene masewerawo alili. Koma chinthu cholakwika kuchokera ku fakitale ndi nkhani ina. Lamulo la kuno loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008, limapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu wolakwika, ndipo wosankha pakati pa kukonza, kusintha kapena kubweza ndalama ndi wogulayo. Lamuloli silifunsa kuti ndinu nzika ya kuno kapena ayi, choncho abale musamachite manyazi pakauntala. Nditangolitchula, mwini shopu anatuluka n'kusintha kachidoleko, nkhope itagwa. Lisiti lokha musataye.

Za kasungidwe ka zidole palibe anandiuza kutsogoloko, ndinazimva kwa bambo wa mafelemu yemweyo. Pulasitiki yoyera imachita chikasu padzuwa, ndipo vinyl ikakhalitsa m'thumba lotseka pamalo otentha imayamba kumata m'manja. Shelefu ikhale kutali ndi zenera ndi hita. Bokosi lake lisungeni ngati muli ndi maganizo odzagulitsa, ogula amalifuna.

Ndinawafunsanso zopita nacho kumudzi chithunzichi tsiku lina, poti ambirife sitidzakalambira kuno. Anaseka, akuti felemu ya galasi singapirire bus ya pa Park Station mpaka Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, katundu akutsitsidwa n'kukwezedwa pa boda iliyonse. Chithunzi chichotsedwe, chigonekedwe pakati pa makatoni awiri olimba, chikhale m'manja mwanu osati pansi pa bus. Linocut ya inki yokhuthala musaikulunge mothina, imang'aluka. Ndipo kwathu mdani wake ndi chinyezi cha dzinja ndi chuku, ndiye isadzapachikidwe pakhoma lomwe limanyowa mvula ikamagwa. Kuchotsako anati adzandichitira yekha popanda kulipiritsa.

Kwa mafelemu ndidzapitanso, ndili kale ndi kachithunzi ka etching komwe kakudikira malipiro a mwezi wamawa. Zithunzi ndidzagula nditafunsa kuti chinasindikizidwa ndi dzanja kapena printer. Za mabokosi otseka tagwirizana ndi mwana kuti ndi pa tsiku lake lobadwa basi, limodzi. Mukapita, pitani m'kati mwa sabata, Loweruka kumadzaza ana a Labubu ndipo bambo wa ku Mangochi uja sagwira tsiku limenelo.