Cha m'thumba, chophika pakhomo kapena nyama yaiwisi: timudyetse chiyani mwana wa galu wa mtundu waukulu?

Anzanga amene mwangotenga mwana wa Boerboel, Rottweiler kapena German Shepherd, njira zomwe oweta agalu timatsatira kuno kwathu zilipo zitatu: chakudya chouma cha m'thumba, chophika tokha pakhomo, ndi nyama yaiwisi ya mafupa. Iliyonse ili ndi oikonda ake, ndipo ena amaiikira kumbuyo mwamphamvu. Ine ndimaziyeza zonse ndi funso limodzi: galuyu akadzakula, miyendo yake idzamunyamula bwino?

Galu yemwe adzalemere makilogalamu oposa 30 amakula mothamanga, koma mafupa ake amachedwa kukhwima. German Shepherd amamaliza kukula pakati pa miyezi 12 ndi 18, pomwe Boerboel amatha kuyandikira zaka ziwiri. M'nthawi imeneyi zinthu ziwiri ndizo zimamuononga: kunenepa msanga, ndi kashiamu (mchere womanga mafupa) wopitirira kapena woperewera muyezo. Ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands, m'zaka za m'ma 1980, ana a agalu a mtundu waukulu wa Great Dane omwe ankapatsidwa kashiamu wochuluka anakula ndi miyendo yopindika komanso molumikizira mafupa moonongeka. Chimachitika n'chakuti mwana wa galu wosakwana miyezi 6 matumbo ake satha kukana kashiamu. Akadya wambiri, wambirinso amalowa m'thupi. Akatswiri a komweko anapezanso kuti mapuloteni ochuluka saononga mafupa, choncho musaope kumupatsa zomanga thupi.

Apa ndi pamene chakudya cha m'thumba chimapambana zinzake. Ndikunena chomwe pathumba palembedwa kuti Large Breed Puppy, kutanthauza cha ana a agalu a mitundu ikuluikulu, osati cha agalu okula kale kapena cha ana a galu wamtundu uliwonse. Bungwe la AAFCO la ku America, lomwe limaika miyezo ya chakudya cha ziweto, limati cha ana a mitundu ikuluikulu chikhale ndi kashiamu pakati pa 1.2 ndi 1.8 peresenti ya chakudya chopanda madzi, ndi mapuloteni osachepera 22.5 peresenti. Makampani ngati Royal Canin, Hill's ndi Montego ali ndi matumba a mtundu umenewu. Ubwino wake ndi wakuti mbale ya lero ndi ya mawa zimafanana, simukhalira kuganizira chomwe chasowa. Zambiri zomwe timagula zimachokera ku South Africa, ndiye yang'anani nambala yoyamba ndi V pathumba, yosonyeza kuti chakudyacho chinalembetsedwa pansi pa lamulo lawo la Act 36 la 1947.

Mavuto ake tonse tikuwadziwa. Mtengo ndi wowawa, ndipo ndalama zakunja zikasowa, mtundu womwe galu wanu anazolowera umatha kusowa m'mashopu. Chomwe ndimaopa kwambiri ndi chija amagulitsa chopimidwa m'majumbo opanda dzina, opanda tsiku lothera mphamvu. Agalu sapirira poizoni wa aflatoxin yemwe amachokera ku chuku cha chimanga ndi mtedza, amaononga chiwindi. Mu 2011 agalu oposa 200 anafa ku Gauteng atadya chakudya chogula chomwe chinali ndi poizoniyu, ndipo mu 2024 boma la Zambia linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa chifukwa cha chimanga choipitsidwa mofananamo. Thumba likhale lotseka, pouma, losagunda pansi, makamaka nyengo ya dzinja.

Ndipo chonde, amene mukudyetsa cha m'thumba choyenera, musawonjezere mapiritsi kapena ufa wa kashiamu. Ambiri amatero ndi mtima wabwino, akuti mafupa alimbe kapena makutu a German Shepherd aime. Chakudyacho chili kale ndi muyezo wokwanira, ndipo chowonjezeracho ndicho chimabweretsa matewe omwe mukuwathawa.

Tibwere ku mphika wa pakhomo, womwe ndi umene ambiri a ife tingaukwanitse. Apa ndisiyanitse zinthu ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza. Mkute wa dzulo wothira msuzi wotsala si chakudya cha mwana wa Boerboel. Galu wachikuda amapulumuka nazo chifukwa ndi wamng'ono thupi ndipo amakula pang'onopang'ono, koma uyu thupi lake likufuna zambiri. Komanso ndiwo zathu timathira anyezi ndi adyo, zomwe zimaononga magazi a galu, ndipo mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka n'kubaya matumbo.

Kuphikira galu mphika wakewake ndi nkhani ina, ndipo kuli ndi mphamvu zake. Mumadziwa chomwe mwaikamo, ndipo zonse zimapezeka pamsika. Tili ndi mwayi wa usipa, bonya ndi matemba, kapena kapenta kwa abale athu a ku Zambia: nsomba zing'onozing'onozi zimadyedwa ndi minga yomwe, motero zimapereka mapuloteni, kashiamu ndi phosphorus (mchere wina wofunika m'mafupa) pamodzi. Phala lolimba la mgaiwa kapena mpunga, usipa wopanda mchere, dzira lophika, nkhuku, kachidutswa ka chiwindi, dzungu ndi masamba ophika, kudontheza mafuta pang'ono, ndi chiyambi chabwino ndithu.

Chovuta ndi muyezo. Amene ali ndi ndalama amagula nyama ya mnofu yokhayokha ndi zam'kati ku butchala, poganiza kuti akumuchitira zabwino. Mnofu uli ndi phosphorus wambiri koma kashiamu wochepa zedi, ndiye thupi limayamba kukoka kashiamu m'mafupa. Mwana wa galu wotere amatsimphina, amadana ndi kuyenda, ndipo fupa limatha kuthyoka pongodumpha pakhonde. Wina akamva zimenezi amasinja zigoba za mazira n'kumathira ndi dzanja, osadziwa kuti supuni yaing'ono imodzi ya ufa umenewu ili ndi kashiamu pafupifupi magalamu awiri. Pakati pa kuchepa ndi kuchuluka mpata wake ndi wopapatiza ngati mlatho wa mtengo umodzi, ndipo muyenera kuwolokapo tsiku ndi tsiku kwa chaka chathunthu. Ngakhale olemba mabuku amaphonya: mu 2013 yunivesite ya California ku Davis inayeza njira 200 zophikira agalu zochokera m'mabuku ndi pa intaneti, n'kupeza kuti 95 peresenti zinali zoperewera chinthu chimodzi kapena zingapo zofunika. Mukasankha njirayi, gulani sikelo ya kukhitchini, ndipo dokotala wa ziweto akulembereni magalamu a chilichonse malinga ndi kulemera kwa galu wanu. Ku Lilongwe a LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira nyama, ali ndi madokotala omwe mungawafunse. Madeya akale a kuchigayo onunkha chuku, atayeni.

Za nyama yaiwisi sindichedwapo, chifukwa kwa mwana wa galu sindikuilimbikitsa. Oikonda amati ubweya umawala ndipo mano amayera. Koma mafupa aiwisi akachuluka kashiamu amapitirira, akachepa amaperewera, vuto lomwe lija. Kuwonjezera apo, nyama yaiwisi imanyamula majeremusi ngati Salmonella, ndipo ndi kuzimazima kwa magetsi kwathuku, furiji siyodalirika. Zam'kati zaiwisi za mbuzi ndi nkhosa zimapatsa galu njoka zam'mimba zomwe mazira ake amadwalitsanso anthu. Pakhomo pa ana aang'ono oseweretsa galu, ngozi imeneyi ndi yosafunika kuiputa.

Kaya mwasankha njira iti, kuchuluka kwa chakudya kumafunika maso. Ambiri timanyadira kagalu konenepa, kozungulira, anthu azinena kuti kakudya bwino. Kampani ya Purina inatsatira agalu 48 a Labrador moyo wawo wonse, theka lawo akudya chakudya chochepera ndi 25 peresenti poyerekeza ndi anzawo. Zotsatira zomwe zinatuluka mu 2002 zinaonetsa kuti odya mochepawo anakhala ndi moyo pafupifupi zaka ziwiri kuposa anzawo, ndipo matenda a m'chiuno ndi nyamakazi anawapeza mochedwa. Msinkhu womaliza wa galu uli m'magazi a makolo ake. Kumudyetsa mopitirira kumangomufikitsako msanga mafupa asanakonzeke. Muzimugwira m'nthiti: muzizimva mosavuta ndi zala, ndipo mukamuyang'ana kuchokera pamwamba chiuno chizioneka. Mpatseni kanayi patsiku mpaka miyezi itatu, katatu mpaka miyezi 6, kenako kawiri, osasiya mbale yodzaza tsiku lonse.

Kwa ine, cha m'thumba cha Large Breed Puppy ndicho choyamba, chophika choyezedwa ndi dokotala chachiwiri. Ngati ndalama sizikwanira chaka chonse, ziikeni pa miyezi 6 yoyambirira, pamene thupi silingathe kudziteteza ku muyezo wolakwika, kenako musamukire ku mphika mwadongosolo. Kusinthako kutenge masiku 7, mukuwonjezera chatsopano pang'onopang'ono kuti asatsegule m'mimba. Ndipo mukafuna kumukometsera cha m'thumba ndi tiusipa kapena dzira, zowonjezerazo zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a chakudya cha tsikulo.