Sitolo ya malata pa Kamuzu Road, nyumba ya achemwali itapsa

Nyumba ya achemwali anga ku Chipoka inapsa mu Okutobala, nthawi imene udzu wa padenga umakhala wouma gwaa. Mwana anasiya kandulo pafupi ndi neti ya udzudzu, mphepo ya kunyanja n'kudzamalizitsa. Onse anatuluka amoyo, koma chimanga, mabulangete ndi makope a ana zonse phulusa. Anangotsala makoma a njerwa zootcha.

Abale titasonkherana, tinagwirizana kuti za udzu basi, tifolere malata. Ndinakagula pa sitolo ina ya zipangizo zomangira pa Kamuzu Road, ku Salima konkuno.

Bambo a pasitolopo sanandikakamize kanthu. Anatulutsa lata la geji 28 ndi la 32, n'kunena kuti, "Achimwene, pindani nokha ndi dzanja." La 32 linangopindika ngati katoni. Anandifotokozera kuti nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti latalo ndi lochindikala, ndipo kunyanja kuno mwera suchedwa kusasula lopyapyala. Atamva za motowo, anatichotserako pa mtengo wa misomali, n'kulola kuti ndalama yotsala nditumize pa Airtel Money mwezi ukatha. Kukongoza munthu wosamudziwa masiku ano, ndani angatero?

Pa matabwa ndiye ayi. Anali osauma, ena anakhota mmisiri asanawakhome n'komwe. Galimoto imene analonjeza kuti ibwera m'mawa inafika dzuwa litapendeka, mmisiri atadya kale nsima yathu osagwira ntchito. Malata ndi misomali kaguleni pamenepo, koma matabwa mukasankhe nokha kwa ocheka.