CD ya Kerrang yokopela American Idiot, ndaimvera masabata awiri

Ndiyambe ndi dandaulo kaye kuti lichoke. CD imeneyi ndinaigula paintaneti kwa munthu wina wogulitsa zakalezakale, mapaundi anayi ndi positeji yomwe, pa chithunzi anaika CD ndi magazini yake pambali koma itafika munali CD yokha mkakatoni kong'ambika pakona. Nditamulembera akuti magaziniyo inali yongoonetsera. Aaa chabwino, ndinangozisiya, bola CD sikudumpha.

Kwa amene simukuidziwa, Kerrang! ndi magazini ya nyimbo za rock ya ku UK, inayamba mu 1981, ndipo inali ndi chizolowezi chomata CD yaulere pachikuto. Iyiyi inatuluka mu 2014 pokumbukira kuti chimbale cha gulu la ku America la Green Day, American Idiot, chakwanitsa zaka 10. Anatenga magulu osiyanasiyana, lililonse kulipatsa nyimbo imodzi kuti liimbenso, mwandondomeko ngati mmene zilili pa chimbale chenichenicho. Kwathu timati ma copyright, zija bandi imaimba pa ukwati kapena kubala, kungoti apa ndi mabandi otchuka kale akupereka ulemu kwa akuluakulu awo.

Ine American Idiot ndinaidziwa mochedwa, nditabwera kuno ku England mnzanga wa ku shifiti ankaiika mgalimoto tsiku lililonse tikamaweruka mbandakucha, mpaka ndinailoweza osafuna. Ndiye khutu langa limadziwa pamene ng'oma ya Tré Cool wa Green Day ikuyenera kulowa, munthu akaphonya ndimamva.

Yotsegulira anaimba 5 Seconds of Summer, anyamata a ku Sydney aja, ndipo ndinaiyamba ndili wokonzeka kunyoza chifukwa ine ndinkawatenga ngati oimbira atsikana a kusekondale basi. Koma ayi ndithu anaimenya bwino, magitala ali gwa, liwiro lake lomwe lija. Vuto ndi loti ndi yomweyo ndendende. Billie Joe Armstrong, woimba wa Green Day, ankaimba nyimbo imeneyi mu 2004 ali ndi mkwiyo weniweni, George W. Bush ali pampando, nkhondo ya ku Iraq ili mkati, ma TV akuopseza anthu usana ndi usiku, pamene awawa nthawi imeneyo anali ana a ku pulayimale, ndiye mawu onse alipo koma ukali uja ndi wobwereka. Uli ngati mwana wavala jekete la bambo ake, lamukhala ndithu koma ukudziwa mwini wake.

Imene yandigwira mtima ndi Extraordinary Girl ya Frank Iero. Pa chimbale cha Green Day nyimbo imeneyi ndinkaidumpha, sindinama, koma mkulu ameneyu waitenga ngati yake, mawu ake osasalala aja akumveka ngati munthu amene sanagone masiku atatu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamvetsera zimene nyimboyo ikunena. Kumbukirani kuti bandi yake ya My Chemical Romance inali itangotha mu 2013, mwina nchifukwa chake ikumveka ngati ya munthu woti zamuthina. Ndaibwereza kambirimbiri mpaka mayi a kunyumba anafunsa kuti kodi CD yanuyi ili ndi nyimbo imodzi?

Bowling for Soup pa St. Jimmy ndiye malo ake, madala a ku Texas osewera aja anawapatsa nyimbo yothamanga yoyenera iwo. Neck Deep a ku Wrexham anatenga Boulevard of Broken Dreams, katundu wolemera chifukwa nyimbo imeneyi ngakhale munthu woti rock saidziwa anaimvapo pa wailesi, koma sanachite manyazi nayo. Pali zina ziwiri zitatu zomwe sinditchula eni ake, anangoonjezera phokoso ndi kukuwa poganiza kuti ndiye punk, ndikafika pamenepo chala chimapita chokha pa batani.

Koma chimene chikundisowetsa mtendere kwambiri si oimbawo ayi, ndi ganizo lenilenilo. American Idiot si nyimbo 13 zongounjika, ndi nkhani imodzi, mnyamata wotopa ndi kwawo athawira mtauni, akumana ndi St. Jimmy, akonda mtsikana, zonse zimuthera abwerera kwawo. Ndipo nyimbo zake zimalumikizana, Holiday ikamatha kulira kwa gitala kumakulowetsa mu Boulevard osapuma, Are We the Waiting imagwera mu St. Jimmy chimodzimodzi. Tsono apa nyimbo iliyonse ili ndi woimba wake, situdiyo yake, ina voliyumu ili mmwamba ina pansi, nkhani ija imaduka zidutswazidutswa, ngati nthano yoti aliyense pabwalo akunena chiganizo chimodzi ndi mawu ake. Jesus of Suburbia yokha ndi mphindi 9 zigawo zisanu, ndiye tangoganizani gulu lina kuisenza yonseyo, ndinawamvera chisoni ndi ulemu nthawi imodzi.

Nanga Wake Me Up When September Ends, imeneyo ndiye sindikudziwa ngati pali amene angaikopele nkukhala bwino. Billie Joe anailemba pokumbukira bambo ake omwe anamwalira mu September 1982 iye ali ndi zaka 10. Maliro a eni umakhala nawo, umaimba nawo, koma sungalire kuposa ofedwa.

Ndiye kodi mugule? Ngati American Idiot simunaimvepo musayambire apa chonde, kapezeni yeniyeniyo, ija inawina Grammy mu 2005. Ngati mumaidziwa kale ndipo mwaipeza CD iyi pa mtengo wa chipisi, tengani, ya Frank Iero yokha ikubwezerani ndalama. Koma wina akakuuzani mapaundi 20 ati ndi yosowa chifukwa Kerrang! inasiya kutuluka sabata ndi sabata mu 2020, mupatseni moni muzipita. Ndipo funsani kaye ngati magazini ilipo musanalipire, musakhale ngati ine.

Nyenyezi zitatu pa zisanu. Panopa ili mgalimoto, ndimayamba ya Frank Iero, kenako St. Jimmy, ndikafika pa ma roboti a pafupi ndi kuntchito ndimakhala nditabwezeramo kale ya Green Day.