Za honda ku Chipata kuno, musanagulitse ng'ombe

Abale anga a ku Kamwendo ndi nonse amene mumandivutitsa pa WhatsApp kuti achimwene tipezereni malo pa siteji tikubwera, lero ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere, zoyankha mmodzimmodzi zikundithera bandulo. Chino ndi chaka chachitatu ndili pa kabaza ku Chipata, ku Zambia kuno. Kuno njinga yamoto ambiri amangoti honda, kaya ndi Boxer kaya ndi izi za ku China, yonse ndi honda basi.

Chikukukokani ndikuchidziwa, ndi kwacha ya kuno. Ukaisintha pa boda imaswana, makamaka chiigwetsereni yathu ija ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye mukaona ndatumiza ya feteleza kwa amayi mumayesa ndikungotola pansi. Aaa ayi ndithu.

Chipata ndi tauni ya njinga kuyambira kale, kunali mpaka fakitale yake ya Luangwa Industries imene inkapanga njinga za Eagle, madala wina amene amamata matayala ku Kapata ali nayobe yake, fulemu yokha ndiye yoyambirira zina zonse anasinthasintha koma usayerekeze kumuuza kuti ndi chiphakasa. Ukaima mmawa cha m'ma 6 pa msewu wa ku Lundazi uona mzere wa njinga, makala matumba anayi munthu osaoneka nkomwe, wina mbuzi pakaliyala, wina madengu a tomato akuthamangira ku Saturday Market. Mu 2017 anailengeza kuti tsopano ndi mzinda, magalimoto a ku Japan odzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde achuluka zedi, koma njinga yakapalasa sinapite kulikonse. Chimene chasefukira ndi ife a honda. Pamene ndinkafika pa siteji yathu tinkawerengeka ndi zala, pano munthu mmodzi akangotsika minibasi timamuunjirira ngati ntchentche pa mango.

Tsono masamu ake ali chonchi. Njinga ikakhala ya bwana, madzulo aliwonse umapereka imene kwathu timati tageti, kuno amati kashing'i, kugwe mvula, udwale malungo, bwana sizimukhudza. Kenako mafuta. Kuno chichotsereni boma sabuside kumapeto kwa 2021, a ERB, bungwe loona za mafuta ndi magetsi, anayamba kumalengeza mtengo mwezi ndi mwezi, ndiye kukamatha mwezi tonse makutu amakhala ku wailesi. Akakweza iwe umamva ululu mmawa womwewo pa filing'i, koma kasitomala wa ku Mchini kapena ku Nabvutika sanamve zimenezo, iye akudziwa mtengo wa chaka chatha, ukamuonjezera pang'ono amangoloza wa njinga yakapalasa ali pambali apo, uja mafuta ake ndi nsima. Akatsitsa ndiye aliyense wamva, mpaka agogo osakhala ndi wailesi. Mwa njira, mukamva akuti 5 pin musadumphe ndi chimwemwe, ndi K5 chabe, anachotsa maziro atatu pa ndalama yawo mu 2013 koma pakamwa pin anatsalira. Ine tsiku loyamba ndinatsala pang'ono kukangana ndi mayi wina chifukwa cha zomwezo.

Ndalama yeniyeni m'tauni mulibe, ili kumudzi ndipo ili ndi nyengo. Kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti anthu akamagulitsa mtedza, soya, thonje ndi fodya, aliyense amafuna kukwera, ngakhale ulendo woti akanayenda wapansi. Januwale ndi Febuluwale ndi njala, anthu ndalama yonse ili m'munda ndi kusukulu, chimatipulumutsa ndi mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la Febuluwale, masiku awiri atatu osapuma, kenako zii.

Chaka chatha mu Juni ndinatenga matumba atatu a mtedza cha ku msewu wa ku Chadiza, mwini wake nakhalanso pamwamba pake, dyera langa lomwe. Tayala lakumbuyo linali litatha kale, ndinali nditawauza abwana kawiri konse iwo nkumati liyendabe. Pa kachitunda kena linangoti phuu, njinga nkuyamba kuvina, tonse pansi, thumba limodzi linang'ambika mtedza mbwee mumsewu, ana a pamudzi pomwepo anafika ngati anachita kuitanidwa. Bamboyo sanandikalipire, anangovula jekete nkuyamba kutolera mmodzimmodzi, zimenezo ndi zimene zinandipweteka kuposa bondo. Ndinakankha njinga mpaka dzuwa kulowa, tayala ndi chubu ndinagula ndekha, kashing'i ya tsikulo abwana anaifunabe. Kuyambira pomwepo ndinalowa chilimba ndi anzanga asanu, ndi mmene ndinagulira yangayi, yogwiritsidwa kale ntchito koma yanga.

Ukakhala ndi yako mpamene umayamba kuona kanthu, komabe laisensi, mapepala a ku RTSA (bungwe loona za pamsewu), inshuwalansi, mahelemeti awiri, oyilo, tcheni ndi masipuloketi zonsezo zimadya mwakachetechete. Ine zinandiphwekerako chifukwa amayi ndi obadwira kuno ndiye mapepala okhalira ndili nawo, inu amene mulibe muganize kawiri.

China chimene chimandithandiza ndi mabasi a ku Lusaka. Ulendowo ndi makilomita oposa 550 pa Great East Road, kudzera Katete, Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa, ndipo boma litaletsa mabasi kuyenda usiku mu 2016 anthu anazolowera kunyamuka mbandakucha, ndiye 4 koloko ine ndili kale pageti la munthu ndi chikwama chake pathanki. Kuzizira kwake kwa mu Julaye zala zimachita kuuma pa handulo. Zoseketsa, Lilongwe ili pafupi ndi Chipata kuposa Lusaka kutalitali.

Msewu wa ku boda ya Mwami uli ndi eni ake, matakisi aja amadzaza anthu anayi kumbuyo awiri kutsogolo, kumeneko sitilimbana nawo. Boda ija anaiphatikiza kukhala ya malo amodzi mu Disembala 2022, a Hichilema ndi a Chakwera anadzatsegula limodzi, kuwoloka kunapepukako. Njanji ya Mchinji kufika Chipata anaitsegula mu 2010 nthawi ya a Rupiah Banda ndi a Bingu, koma ine chibwerere katundu amene ndimamuona ali pa mathiraki, ndipo thiraki ikamakupitirira uli pa honda mphepo yake imakukankhira kudothi. Nthawi ija mafuta anasowa kwathu tinkakuonani pa mafiling'i a kuno ndi manambala a ku Malawi, mizere nkutalika, ife eni siteji kumadikira kumbuyo kwanu.

Amalume, ndamva mukufuna kugulitsa ng'ombe ija kuti mumugulire mnyamata njinga abwere kuno. Isiyeni kaye ilime chaka chino. Mukamabwera ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti mudzandiimbire mukangodutsa pa Mwami, mnyamatayo abwere nanu adzakhale nane pa siteji sabata imodzi aziwerenga yekha anthu amene ndanyamula ndi malita amene ndathira, kope ndi bolopeni ndimugulira ine.