Google Trends kapena Keyword Planner: Chothandiza Eni Malo Ogona Alendo ku Senga Bay N'chiti?

Musanalipire munthu wokonza webusaiti, yambani mwadziwa mawu amene alendo amalemba pa Google akamafuna pogona ku Salima. Zida ziwirizi n'zaulere, koma ntchito yake ndi yosiyana.

Google Trends mumangotsegula, ngakhale pafoni, osalembetsa. Imaonetsa mmene chidwi cha anthu pa mawu ena chakhala chikukwerera ndi kutsika kuyambira 2004, pa mlingo wa 0 mpaka 100. Apa pamasokonekera ambiri: 100 si chiwerengero cha anthu, ndi nthawi imene mawuwo anafufuzidwa kwambiri basi. Ndiye imathandiza kuona miyezi imene anthu amafufuza kwambiri za kunyanja. Koma mukalemba dzina la malo aang'ono n'kusankha Malawi yekha, kawirikawiri imangoti zosonyeza n'zochepa.

Keyword Planner ndi yovutirapo poyamba, chifukwa imafuna akaunti ya Google Ads, njira yolipira potsatsa malonda pa Google. Ngati simukulipira malonda, imangokupatsani ziwerengero zoyerekeza za kangati mawuwo amafufuzidwa, monga 100 mpaka 1,000 pamwezi. Komabe pokonza masamba a webusaiti, ineyo ndimakonda imeneyi. Mukalemba mawu amodzi, imakutulutsirani ena ambiri ofanana nawo, ndipo mumasankha dziko: South Africa, United Kingdom kapena konkuno. Mukaona kuti anthu amafunsa za mitengo ya zipinda, mabwato opita ku Lizard Island kapena ulendo wochokera ku Lilongwe, funso lililonse mulipatse tsamba lakelake. Trends muzingoigwiritsa ntchito posankha mwezi wotsitsa mitengo.